Arminius, mwana wa mfumu amene anabweza Aroma kutsidya la mtsinje wa Rhine

Aliyense amene anamvapo nkhani ya kubadwa kwa Yesu m'buku la Luka amalidziwa dzina la Kaisara Augustus, mfumu ya ku Roma imene inalamula kuti anthu onse akalembedwe m'kaundula. Ulamuliro wake unayambira ku Spain mpaka ku Syria, kuphatikizapo Egypt ndi gombe la kumpoto kwa Africa. Koma mfumu yomweyo inakalamba ndi chilonda mumtima, ndipo amene anaipatsa chilondacho anali mnyamata wa zaka pafupifupi 26, wochokera kumidzi ya alimi ndi oweta ng'ombe m'dziko lomwe lero ndi Germany, limene pa Chipwitikizi amati Alemanha. Aroma analemba dzina lake kuti Arminius.

Anabadwa cha m'chaka cha 17 Khristu asanabadwe. Bambo ake, Segimer, anali mmodzi wa mafumu a mtundu wa Cherusci, umene unkakhala m'mbali mwa mtsinje wa Weser. Kumeneko kunalibe mizinda kapena misewu yoyalidwa miyala monga ku Roma. Anthu ankakhala m'timidzi tobalalika pakati pa nkhalango ndi madambo, m'nyumba zazitali zamitengo zofolera ndi udzu, banja mbali ina, ng'ombe mbali ina, denga limodzi. Ankalima balele ndi tirigu, koma chuma cha munthu ankachiwerengera pa ng'ombe. Mitundu inalipo yambiri, monga Cherusci, Chatti, Bructeri, Marsi ndi Chauci, ndipo kumenyana okhaokha sikunali chinthu chachilendo. Ngakhale mkati mwa mtundu umodzi, mfumu sinkalamula mmene ikufunira. Nkhani zazikulu zinkakambidwa pabwalo amuna atanyamula mikondo yawo. Mawu akawakomera ankagundanitsa mikondoyo, akapanda kuwakomera ankang'ung'udza mpaka wolankhulayo akhale pansi. Anthu ozolowera moyo wotere samva bwino akaona mnzawo akukula msinkhu kuposa onse, ndipo Arminius anadzaziona yekha zimenezi pamapeto a moyo wake.

Aroma anafika pamtsinje wa Rhine m'nthawi ya Julius Caesar, atagonjetsa dziko la Gaul, lomwe mbali yake yaikulu lero ndi France. Mtsinjewo unasanduka malire. Augustus sanakhutire nawo malirewo. Kuyambira chaka cha 12 Khristu asanabadwe anatumiza Drusus, mwana wake womupeza, kukamenya nkhondo kutsidya. Drusus anafika mpaka pamtsinje wa Elbe m'chaka cha 9, koma chaka chomwecho anagwa pahatchi n'kumwalira. Mkulu wake Tiberius anapitiriza ntchitoyo, ndipo pofika chaka cha 4 Khristu atabadwa, a Cherusci anali atalowa m'pangano ndi Roma. M'mbali mwa mtsinje wa Lippe munamangidwa misasa ya asilikali, monga wa ku Haltern. Ku Waldgirmes Aroma anayamba kumanga tauni yeniyeni yokhala ndi bwalo lake. Misika inayamba, anthu a m'midzi n'kumabwera kudzagulitsa zokolola zawo kwa asilikali. Poyang'ana kuchokera ku Roma, dzikolo linkaoneka ngati lagonja kale.

Mmenemo ndi mmene Arminius ndi m'bale wake wa bere limodzi, Flavus, analowera usilikali wa Aroma. Aroma anali ndi chizolowezi chotenga ana a mafumu a mitundu yogonjetsedwa, kuwaphunzitsa ndi kuwapatsa maudindo, kuti akadzabwerera kwawo adzakhale maso ndi makutu a Kaisara. Arminius anatsogolera gulu la asilikali a mtundu wake omenyera nkhondo Aroma. Anaphunzira Chilatini, anapatsidwa unzika wa Roma, ndipo anakwezedwa kulowa m'gulu la anthu aulemu lotchedwa equites, lachiwiri kwa akuluakulu a bwalo la senate. Velleius Paterculus, msilikali wachiroma amene anamenya nawo nkhondo za m'zaka zimenezo n'kudzalemba mbiri, anamufotokoza kuti anali wolimba dzanja, wofulumira kuganiza, ndipo moto wa mumtima mwake unkaonekera m'maso.

Chimene anaphunzira kwambiri ndi mmene gulu lankhondo la Aroma limayendera. Gulu lalikulu lotchedwa legio linkakhala ndi amuna pafupifupi 5,000, ovala zachitsulo, onyamula zishango zazikulu ndi malupanga aafupi. Akandanda pabwalo loyera, phewa ndi phewa, panalibe mtundu wa kumpoto umene ukanawathyola. Koma asilikali omwewo akakhala paulendo, atasenza katundu, atatambalala m'kanjira kopapatiza, ankasanduka anthu wamba otopa.

M'chaka cha 6 kunabuka kuukira kwakukulu ku Pannonia ndi ku Dalmatia, ndipo Tiberius anapita kumeneko ndi asilikali ambiri. Nkhondoyo inamutengera zaka zitatu. Kutsidya la Rhine kunatumizidwa bwanamkubwa Publius Quinctilius Varus, munthu wachikulire amene anakwatira m'banja la Augustus. Varus sanali mlendo pa ntchito yolamulira mitundu ina. Anali atalamulirapo chigawo cha Africa ndi cha Syria, ndipo pamene Ayuda anaukira Herod atangomwalira, iyeyu ndiye anapita kukathetsa chipolowecho n'kupachika anthu 2,000 pamitanda. Ku Germany anayamba kutolera msonkho ndi kuweruza milandu potsata malamulo a ku Roma. Kwa mlimi amene sanaperekepo msonkho kwa munthu aliyense, ndipo milandu yake inkathera pabwalo la kwawo, zimenezi zinali zowawa. Alembi achiroma anadzamuneneza Varus pambuyo pake kuti anali waulesi ndi wadyera. N'kosavuta kusenzetsa mlandu munthu wakufa. Kunena zoona, iye ankachita zimene Augustus anamutuma, kusandutsa dziko logonjetsedwa kukhala chigawo cholipira msonkho.

Arminius anali atabwerera kwawo, ndipo Varus ankamukhulupirira kwambiri. Ankadya naye limodzi, ankamufunsa nzeru. Anthu a m'midzi ankabwera ndi milandu yopeka kuti bwanamkubwa aweruze, n'kumamuthokoza kuti wawabweretsera chilungamo, iye n'kumakondwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwakachetechete Arminius ankayenda kwa mafumu a Cherusci, Marsi, Bructeri ndi ena, kugwirizanitsa anthu amene dzulo lake ankaberana ng'ombe.

Si onse anagwirizana naye. Segestes, mfumu inanso ya Cherusci, ankaona kuti mtendere ndi Roma ndiwo wopindulitsa. Pa phwando lomaliza asilikali asananyamuke, iye anamutsina khutu Varus, mpaka kumupempha kuti amange mafumu onse, iye mwini pamodzi ndi Arminius, kufikira zoona zitadziwika. Varus anangoti ndi nsanje za pachibale, osachitapo kanthu.

Inali nyengo yophukira ya chaka cha 9, dzinja lozizira la kumeneko likuyandikira. Varus ananyamuka kumsasa wake wa kufupi ndi Weser kubwerera chakumadzulo ndi magulu atatu a legio, a nambala 17, 18 ndi 19, magulu atatu a asilikali okwera pamahatchi ndi magulu asanu ndi limodzi a asilikali othandiza. Onse pamodzi anali pakati pa 15,000 ndi 20,000. Pamwamba pa apo panali ngolo, nyulu, antchito, akazi ndi ana. Ali m'njira kunabwera uthenga wabodza woti mtundu wina waukira chapatali pang'ono. Varus anapatuka pamsewu wodziwika kuti akathane nawo, ndipo Arminius anatsanzika kuti akukasonkhanitsa anthu ake adzathandize. Anakawasonkhanitsadi.

Mzere wa Aroma unatambalala makilomita ambiri m'dera la nkhalango, zitunda ndi zithaphwi, lomwe mlembi Tacitus anadzalitcha Teutoburg. Kunagwa chimvula ndi mphepo, nthambi zikuthyoka, pansi pali poterera. Adani ankatulukira m'tchire, kuponya mikondo pagawo limodzi la mzerewo, n'kuthawiranso m'mitengo asilikali asanandande. A kutsogolo sankadziwa zimene zikuchitikira a kumbuyo. Usiku woyamba Aroma anakwanitsa kumanga msasa, natentha ngolo zambiri kuti apepukidwe. Koma m'mawa mwake zinali zomwezo, mkuja wake zomwezo. Zishango zawo zamatabwa ndi zikopa zinamwa madzi n'kulemera, mauta anafewa osaponyekanso. Anthu a m'midzi amene poyamba ankangoonerera ataona kumene zinthu zikupendekera, nawonso anatenga mikondo. Mkulu wa apamahatchi, Numonius Vala, anasiya anzake oyenda pansi n'kuthawira ku Rhine, koma sanafikeko. Varus atavulala, anadzigwetsera palupanga lake, ndipo akuluakulu ena anachita chimodzimodzi.

Opulumuka anali ochepa. Akuluakulu a asilikali amene anagwidwa anaperekedwa nsembe kwa milungu m'nkhalango, mitu ina inakhomeredwa pamitengo. Ena anasanduka akapolo, ana a mabanja olemera a ku Roma n'kumaweta ziweto za eni mudzi. Angapo mwa iwo anadzamasulidwa patapita zaka 40, ali nkhalamba. Ziwombankhanga zitatu, zizindikiro zopatulika zimene legio iliyonse inkanyamula pamtengo, zinatengedwa. Misasa ya Aroma ya kutsidya la Rhine inatha yonse. Wa ku Aliso wokha ndiwo unalimba kwa kanthawi, mpaka okhalamo anathawa usiku.

Uthengawo utafika ku Roma, Augustus, amene anali ndi zaka zoposa 70, anakhala miyezi ingapo osameta tsitsi ndi ndevu, ndipo ankagunditsa mutu pachitseko akuitana Varus kuti amubwezere asilikali ake. Manambala atatu aja sanapatsidwenso kwa legio ina iliyonse. Mutu wa Varus, Arminius anautumiza kwa Maroboduus, mfumu yamphamvu ya Marcomanni m'dera lomwe lero ndi Czech Republic, pofuna kumukopa kuti amenyere limodzi. Maroboduus anakana, n'kuutumiza mutuwo kwa Augustus.

Anthu ambiri amaithera pamenepa nkhani ya Arminius, koma zaka zovuta kwa iye zinali kutsogolo. Anatenga Thusnelda, mwana wamkazi wa Segestes yemwe uja, amene bambo ake anali atamulonjeza kwa mwamuna wina. Udani wa ndale unasanduka udani wa mkamwini ndi mpongozi wake. Segestes anadzamulanda mwana wakeyo n'kumusunga kwake, ndipo anthu a Arminius anazinga mudziwo.

Nthawi imeneyo n'kuti Augustus atamwalira m'chaka cha 14, Tiberius atalowa ufumu, ndipo pa Rhine pali Germanicus, mwana wa Drusus, ndi magulu asanu ndi atatu a legio. Germanicus anabwera kudzabwezera. Anayamba ndi a Marsi, kuwagwera usiku atamwa pa chikondwerero chawo, ndipo sanasiye mkazi kapena mwana. M'chaka cha 15 anatentha Mattium, likulu la a Chatti. Kenako analandira pempho la Segestes loti adzamupulumutse, ndipo anapitadi. Pakati pa anthu amene anawatenga panali Thusnelda, ali ndi pakati. Tacitus akuti mkaziyo sanagwetse msozi kapena kupempha chifundo, mtima wake unali kwa mwamuna wake osati kwa bambo ake. Anaberekera mu ukapolo mwana wamwamuna, Thumelicus, amene anakulira ku Ravenna m'dziko la Italy. Arminius sanamuonepo mwanayo.

Chaka chomwecho Germanicus anafika pamalo pamene anafera anthu a Varus. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mafupa anali akadali mbwee, ena obalalika pamene anthu ankathawa, ena milumilu pamene anaima n'kulimbikira. Asilikali anawakwirira osadziwa kuti awa ndi a ndani. Pobwerera, gawo lina la gululi, lotsogoleredwa ndi Caecina, linatsala pang'ono kuona zimene anaona Varus. Arminius anawapanikiza pamsewu wamitengo wodutsa m'dambo, anthu ake n'kupatutsa mitsinje kuti madzi asefukire pamene Aroma ankagwira ntchito. Nzeru yake inali yoti awasiye atuluke mumsasa, akawagwere ali m'matope. Koma Inguiomerus, m'bale wa bambo ake, anakopa anthu kuti angothyola msasawo, katundu apezeke wosaonongeka. Bwalo linamvera wamkulu. Atafika pamalinga, Aroma anatuluka n'kuwakantha pamalo ouma, ndipo mwayi unapita.

M'chaka cha 16 Germanicus anabweranso, ulendo uno ndi zombo 1,000, kudzera kunyanja ya kumpoto ndi mtsinje wa Ems. Magulu awiriwa atayang'anizana pa Weser, panachitika chinthu chimene Tacitus anachilemba mwatsatanetsatane. Arminius anaima pagombe n'kupempha kuti alankhule ndi m'bale wake, poti Flavus anali akadali msilikali wa Aroma. Analoledwa. Arminius anauza omuperekeza abwerere m'mbuyo, napempha kuti oponya mivi a Aroma achokenso. Awiriwo anatsala okha, mtsinje uli pakati. Flavus anali atataya diso limodzi kunkhondo, ndipo Arminius anayamba ndi kufunsa za disolo, kuti linapita kuti, nanga anamulipira chiyani. Flavus anatchula malipiro owonjezera, mkanda, chisoti chaulemu ndi mphatso zina. Arminius anaseka, kuti ukapolo wagulidwa motchipa. Flavus anayankha ndi ukulu wa Roma, chilango chimene chimagwera ogonja ndi chifundo chimene amalandira odzipereka, nawonjeza kuti mkazi ndi mwana wa Arminius akusungidwa bwino. Arminius anakamba za dziko lawo, ufulu wa makolo, milungu ya kwawo, ndi mayi awo amene ankapempha kuti Flavus abwerere. Mawu anakula mpaka kutukwanana. Flavus anaitanitsa hatchi ndi zida, mkulu wina wa asilikali dzina lake Stertinius n'kuchita kumugwira. Kutsidya Arminius ankaopseza mokuwa, akusakaniza mawu a Chilatini chimene anaphunzira kwa adani akewo.

Sikuti Flavus anali munthu wopusa kapena wamantha. Anaona Roma ndi maso ake monga m'bale wakeyo, n'kuwerengera mosiyana. Malire a Rhine sanangolekanitsa mayiko. Anadutsa pakati pa nyumba ya Segimer, ana awiri mbali ziwiri, mkamwini uku mpongozi uko.

Nkhondo imene inatsatira, pachigwa cha Idistaviso, inali ya pabwalo loyera, mtundu wa nkhondo umene Aroma ankaudziwa bwino. A Cherusci anagonja, ambiri anafera mumtsinje. Arminius anavulala, nadzipaka magazi ake kumaso kuti asazindikirike, n'kudutsa ndi hatchi pakati pa adani. Posakhalitsa anasonkhanitsanso anthu, n'kumenyananso pa linga ladothi la m'malire a mtundu wa Angrivarii. Kumenekonso Aroma anati apambana. Komabe chilimwe chitatha anayenera kubwerera ku Rhine monga zaka zonse, ndipo panyanja namondwe anamwaza zombo zawo. Zambiri zinamira, asilikali ena anakapezeka ku Britain.

Germanicus anapempha chaka chimodzi chokha kuti amalize. Tiberius anakana. Iye anali atatumidwapo ku Germany kasanu ndi kanayi, ndipo ankadziwa kuti dziko lopanda mizinda yoti uilande, lodzaza nkhalango ndi madambo, limadya asilikali ndi ndalama zambiri kuposa msonkho umene lingabweze. Anati magazi a Varus abwezeredwa mokwanira, ndipo a Cherusci angosiyidwa azikangana okhaokha. Apa ndi pamene Arminius anapambana kwenikweni: anagonja m'nkhondo zingapo, koma anakhalabe moyo ndi anthu omutsatira mpaka mdani anatopa. Pa 26 May chaka cha 17, Germanicus anachita chionetsero cha chipambano mumzinda wa Roma. Pakati pa akaidi oyendetsedwa m'misewu panali Thusnelda ndi kamwana kake. Segestes anali pomwepo, akuonerera ngati mlendo wolemekezeka.

Tiberius sanalakwitse powerengera. Aroma atangochoka, Arminius anamenyana ndi Maroboduus m'chaka cha 17. Mitundu ya Semnones ndi Langobardi inasiya Maroboduus n'kubwera kwa Arminius, koma Inguiomerus anapita mbali inayo ndi anthu ake, chifukwa sankafuna kulamulidwa ndi mwana wa m'bale wake. Maroboduus anabwerera m'mbuyo, ndipo posakhalitsa anachotsedwa paufumu n'kukathera moyo wake ku Ravenna, komwe anakhala zaka 18. Arminius anatsala wopanda wolingana naye, ndipo pamenepo anthu ake anayamba kumukayikira kuti akufuna kukhala mfumu ya onse. Mfumu ina ya Chatti, Adgandestrius, inalembera ku Roma kuti ikapatsidwa poizoni imupha. Tiberius anayankha kuti Aroma amabwezera adani awo ndi zida poyera. Poizoniyo sanafunike n'komwe. Cha m'chaka cha 21 Arminius anaphedwa mwachiwembu ndi abale ake enieni, ali ndi zaka 37, atatsogolera zaka 12.

Mtundu wake unapitiriza kudyana. Pofika chaka cha 47 mabanja achifumu a Cherusci anali atatha ndi nkhondo zapachiweniweni, moti anatumiza nthumwi ku Roma kukapempha mfumu. Amene anapatsidwa anali Italicus, wobadwira ku Italy, mwana wa Flavus.

Tacitus, polemba patapita zaka pafupifupi 100, anavomereza kuti Arminius ndiye anamasula Germany, ndipo anatero Roma ali pachimake cha mphamvu zake. Anatinso m'masiku akewo anthu a kumpoto ankamuimbabe m'nyimbo. Nyimbozo zinadzaiwalika, ndipo dzina lake linabwereranso pamene mabuku a Tacitus anasindikizidwa ku Roma mu 1515. Ajeremani a nthawi ya Martin Luther anamutcha Hermann. Mu 1875, patapita zaka zinayi mayiko a Ajeremani atalumikizana kukhala ufumu umodzi, anatsegulira chipilala chake pafupi ndi Detmold, chotalika mamita 53, lupanga lili m'mwamba, nkhope italoza kumadzulo kumene kuli France. Andale okonda nkhondo, kuphatikizapo a Nazi, anamugwiritsa ntchito pa zolinga zawo, ngakhale kuti iye sanadziwepo dziko limodzi lotchedwa Germany. Lero dzina lake limamveka pa timu ya mpira ya Arminia Bielefeld, ndiponso m'masewera a pa kompyuta momwe achinyamata amayeserera nkhondo za Varus ndi Germanicus.

Malo a nkhondo ija anasowa kwa zaka mazana ambiri. Mu 1987 msilikali wa ku Britain, Tony Clunn, akufufuza ndi makina ozindikira zitsulo m'minda ya ku Kalkriese pafupi ndi Osnabrück, anapeza ndalama za siliva za Aroma, ndipo chaka chotsatira anapeza zipolopolo zamtovu zoponyera pa legeni. Akatswiri atakumba anapeza zidutswa za zida zambirimbiri, chigoba chachitsulo cha kumaso, ndalama zodindidwa chizindikiro cha Varus, ndi zotsalira za linga ladothi lotalika mamita pafupifupi 400, pamalo opapatiza pakati pa phiri ndi dambo lalikulu. Ambiri a iwo amakhulupirira kuti mbali ina ya nkhondoyo inachitikira pamenepo. Anapezanso maenje angapo okhala ndi mafupa a anthu osakanikirana ndi a nyulu ndi mahatchi, ndipo mafupawo amaonetsa kuti anakhala pamtunda zaka zingapo munthu asanabwere kudzawakwirira.